Wotchi ya m'Galimoto ya Asekuru

Anzanga ambiri pa sukulu pano muidziwa galimoto yakuda ija imene nthawi zina imaima pafupi ndi msika wa Euthini, ya timapiko tiwiri kumbuyo ngati zipsepse za nsomba. Ena mumaiseka kuti ndi bokosi la maliro, ena mumakonda kujambulitsa mutatsamira chitseko chake. Galimoto imeneyo ndi ya asekuru anga, ndipo popeza akonzi a magazini athu anapempha kuti yense alembe chimene anachita pa tchuthi, ine ndaganiza zokuuzani za kanthu kamodzi kakang'ono ka m'galimotomo, ndiko wotchi yake. Wina adzati, "Ha, nkhani ya wotchi masiku ano a lamya za m'manja?" Ndikupemphani mupirire pang'ono, pakuti kanthu kameneka kanatsala pang'ono kuyambanitsa akuluakulu pamudzi pathu.

Dzina la galimotoyo ndi Mercedes-Benz 190, ya mtundu umene anaupanga kuyambira 1961 kufikira 1965. Kwao kwa galimoto zimenezi ndi ku Germany, koma zina ankazilumikiza ku East London m'dziko la South Africa. Asekuru, monga amuna ambiri a boma lino la Mzimba, anapita ku Joni akali mnyamata. Iwo sanapite ndi Wenela, imene boma linaimitsa mu 1974 ndege itagwa ku Francistown ndi kupha anthu akwathu ambiri ochokera ku migodi. Anapita okha, paselefu, nayamba nchito yosamala maluwa pa nyumba ya mzungu, pambuyo pake nakhala dalaivala. Galimotoyi anaigula iri yakale kale, ndi ndalama zosunga zaka zambiri. Pobwera nayo kumudzi nkhondo ya ku Mozambique inali isanathe, pakuti inatha mu 1992, tsono njira ya ku Tete inali yoopsa. Anadzera ku Beitbridge, Harare, Chirundu, Lusaka, Chipata ndi Lundazi, nalowa m'dziko muno pa Mqocha. Ulendo wonsewo anali okha, ndipo amatiuza kuti usiku akaima kuthengo kuti agone, chimene chinkalankhula nawo ndi wotchi yokha.

Ndanena kuti inkalankhula, ndipo sindikukokomeza. Wotchi imeneyi imati tiki-tiki monga zinzake, koma pakapita mphindi ziwiri kapena zitatu imamveka kuti "kha!" ngati munthu wathyola kamtengo kouma. Masiku ano asekuru ali ndi ng'ala m'maso ndipo analeka kuyendetsa. Mivi ya wotchiyo saiona, komabe madzulo amakonda kutsegula chitseko ndi kukhala pa mpando wa kutsogolo, namamvera "kha!" wakeyo, agogo akuwaseka kuti akucheza ndi mkazi wao wa ku Joni.

M'mwezi wa June wotchi inakhala chete. Pamene ndinafika kumudzi sukulu titatsekera, ndinapeza asekuru ataleka kukhala m'galimoto, ndi maganizo awiri akuyenda pamudzi. Adada aang'ono, amene amayendetsa galimotoyo tsopano, ankati kufa kwa wotchi nkwabwino, chifukwa ndiyo mbala imene inkaba moto wa batire usiku wonse, mwakuti m'mawa galimoto inkafuna kukankha. Iwo anafuna kuizula, kudula mawaya ake, ndi kumata pamalopo kawotchi ka manambala ka pa msika. Makaniko wina amene amatithandiza ankati iye angathe kuidzutsa tsiku limodzi, ndipo njira yake ndidzainena patsogolo. Asekuru sananene kanthu, koma tonse tinadziwa kuti mtima wao unali kuwawa.

Ine ndinapempha chinthu chimodzi, kuti asadule waya aliyense ndisanayese. Aphunzitsi athu a sayansi anali atandibwereka mita yao yoyezera magetsi, ndipo m'kalasi anatiphunzitsa kuti magetsi amatsatidwa monga titsata madzi m'ngalande ya ku dimba. Madzi akaleka kufika pa bedi la kabichi, munthu wanzeru sayamba ndi kuzula kabichiyo. Amapita ku chitsime, nayenda ndi ngalande pang'onopang'ono kufikira atapeza pamene yagumuka. Motero ndinayambira pa batire.

Batire la galimoto liri ndi zipinda zisanu ndi chimodzi, chipinda chiri chonse cha mavoliti 2.1, ndipo likadzaza bwino limaonetsa mavoliti 12.6. Tsikulo galimoto inali itangobwera ku chigayo, dainamo italidyetsa, ndipo mita inaonetsa 12.5. Linaoneka ngati munthu wosalakwa, ndipo ndikupemphani musaliiwale, pakuti tidzabwerera kwa ilo. Mitu yake inali ndi zoyera zija zonga ufa, ndipo ndinaitsuka ndi madzi otentha ndi soda. Kuchoka apo ndinapita ku bokosi la mafyuzi. Mafyuzi a galimoto zakale za ku Germany sali ngati a pulasitiki a masiku ano. Ndi timiyala tating'ono tosongoka mbali zonse ziwiri, kachitsulo kopyapyala katayalidwa pamwamba pake, ndipo oyera ndi a maampeya 8, ofiira 16, abuluu 25. Bvuto lao nlakuti fyuzi ingathe kuoneka yamoyo, koma nsonga zake zitachita dzimbiri, moto nkumalephera kudutsa. Ndinaichotsa imodzi imodzi, kupala nsonga, ndi kuibwezera. Wotchi inakhalabe chete.

Tsono ndinagona chagada pansi pa chiwongolero, mutu uli pamene pamakhala mapazi, tochi ndiri nayo kukamwa. Kumbuyo kwa wotchi kumafika mawaya atatu. Anthu a ku Germany ali ndi mwambo wao pa mawaya umene umathandiza kwambiri: waya wokhala ndi moto nthawi zonse, ngakhale kiyi atachotsedwa, amamutcha nambala 30 ndipo kawirikawiri amakhala wofiira, wobwezera moto ku thupi la galimoto, amene amakaniko amati ethi, ndi nambala 31 ndipo amakhala wa mtundu wa dothi. Wachitatu ndi wa kababu kounikira wotchi usiku. Apa ndi pamene makaniko anali atasocheretsa adada aang'ono. Iye anayatsa nyali, kababu nkuyaka, nati, "Mwaona, moto ulipo." Koma kababuko kali ndi waya wakewake wochokera ku swichi ya nyali, ndipo kuyaka kwake sikunena kanthu za waya wofiira. Nkofanana ndi kuona utsi pa nyumba ya mnansi ndi kunena kuti kwanu aphika.

Ndinayeza waya wofiira, ndipo mavoliti 12.5 anali pomwepo. Amene alibe mita angathe kuyesa ndi babu la galimoto lomangirira mawaya awiri, ndipo kunena zoona babulo nthawi zina limaposa mita, chifukwa limafuna moto weniweni kuti liyake, pamene mita imakhutira ndi kadontho. Ndinayesa zonse ziwiri. Za ethi ndinachita chonchi: ndinatenga waya wautali, mbali imodzi ndinagunditsa pa thupi la wotchi, ina pa mutu wa mainasi wa batire, kuti ngati njira yakale yobwerera inali yowola, moto upeze njira yatsopano. Palibe chinamveka. Pamenepo ndinadziwa kuti ngalande yonse iri bwino, ndipo chogumuka chiri m'kati mwa wotchi momwe.

Mundilole ndichenjeze anzanga amene angakumane ndi galimoto zakale za ku England, monga Morris ndi Austin za m'ma 1950. Zambiri mwa izo mutu wa pulasi ndiwo umamangidwa ku thupi la galimoto, mosiyana ndi yathuyi. Yang'anani kaye musanagunditse waya. Ndipo pochotsa chinthu chiri chonse cha magetsi, yambani mwamasula mutu wa batire umene uli ku thupi la galimoto, chifukwa mukayamba ndi winawo, sipanala ikangokhudza chitsulo moto umathetheka ndipo mungapse dzanja.

Wotchi ndinaitulutsa, ndinaiika pa thebulo pa khonde nditayala nsalu yoyera kuti timanati tisasowe. Kumbuyo kwake kuli chibvundikiro choyera chomangidwa ndi timanati ting'onoting'ono, ndipo pa nkhope pake palembedwa VDO, ndilo dzina la amene anaipanga. Nditabvundukula ndinakhala kanthawi ndikungoyang'ana, pakuti sindinaonepo nchito yosalala chotero. Asekuru anasendeza mpando nati, "Mzukulu, undiuze zonse zimene ukuona, usasiyeko." Tsono zimene ndinawauza ndi zimene ndikuuzeni inu.

M'kati mwake wotchi imeneyi siisiyana ndi mawotchi akale opotokola ndi dzanja. Muli sipuling'i imene imakoka, muli timagudumu ta mano topatsirana mphamvu, muli kagudumu kena kamene sikazungulira koma kamangogwedezeka uku ndi uku, ndiko kamati tiki-tiki ndi kuyeza nthawi. Kusiyana kwake nkwakuti palibe munthu wopotokola. Nchito imeneyo imagwiridwa ndi magetsi motere. Sipuling'i ikamatha mphamvu, kamkono kena kamayenda pang'onopang'ono, ndipo pa nsonga pake pali kachitsulo konyezimira. Patsogolo pake pali kachitsulo kanzake kakudikira. Tiwiriti amakaniko amati mapoyinti. Tikangokhudzana, moto umalowa m'koyilo, ndiye waya wa mkuwa wopyapyala ngati tsitsi wokulungidwa kambirimbiri. Koyilo imasanduka maginito, imakoka chitsulo mwadzidzidzi, chitsulocho chimamenya kamkono kaja kubwerera kumene kanachokera, sipuling'i imakokedwanso, ndipo mapoyinti amalekana. Zonsezi zimachitika msanga koposa kuphethira kwa diso. "Kha!" uja ndi ameneyu.

Asekuru anaseka kwa nthawi yoyamba chifikire ine, nati, "Zaka zonsezi ndinkayesa kuti imatsokomola, kani imadzipotokola yokha."

Taonani tsono mlandu wa umbala uja. Wotchi imamwa moto kamphindi kosakwana sekondi, ndipo mphindi ziwiri zotsatira imayenda ndi sipuling'i yokha, osakhudza batire konse. Mbala yotere ndi yonga nyerere yotola njere pa nkhokwe. Koma chiwerengero china chinandidabwitsa. Ngati "kha!" amveka pa mphindi ziwiri ziri zonse, ndiye kuti pa tsiku amveka ka 720, ndipo pa chaka ka 262,800. Nthawi iri yonse mapoyinti akamalekana pamathetheka kamoto, chifukwa koyilo siifuna kuti moto wake udulidwe mwadzidzidzi ndipo imabwezera. Kamoto kameneko kamadya chitsulo pang'onopang'ono. Mapoyinti athu anali akuda ndi okumbika ngati dzino lobooka, ndipo sindinadabwe.

Komabe si ndiwo anaimitsa wotchi. Ndinanunkhiza koyilo, ndipo inalibe pfungo la chopserera; mtundu wake unali wa mkuwa wowala, wosada; mita inaonetsa kuti waya wake ngwosaduka. Mtima unakhala pansi, pakuti koyilo ikapsa ndiye kuti maliro enieni, kuno kulibe woikulunganso. Nditayang'anitsitsa pambali pake ndinaona timalilime tiwiri ta chitsulo. Kamodzi kanali katanyamuka, kataima patali pang'ono ndi kanzake, ndipo pa kanzakeko panali kadontho ka mtovu kouma, kakang'ono ngati njere ya mawere.

Kameneka ndi kafyuzi kobisika, ndipo ndikhulupirira kuti anthu ambiri amene anataya mawotchi otere sanadziwe kuti kaliko. Lilime limodzi ndi lolimba ngati uta, limafuna kuthawa nthawi zonse, ndipo chimene chimaligwira ndi kadontho ka mtovu kaja. Mtovu umenewo si wamba. Anausakaniza kuti usungunuke pa madigiri 120, kungopitirira pang'ono kutentha kwa madzi owira. Koyilo ikayamba kutentha, mtovu umafewa, lilime limathawa, moto umaduka, ndipo koyilo imapulumuka. Wotchi yathu tsono inali isanafe ai. Inali itadzitsekera m'nyumba pothawa moto.

Makaniko anafika madzulo amenewo ndi adada aang'ono. Nditawaonetsa, iye anati, "Basi, nchimene ndinkanena. Bwera nako kuno, mwana, ndimangepo kawaya ka mkuwa, sikadzadukanso mpaka kalekale."

Ndinayankha kuti, "Pepani adada, inu ndinu odziwa nchito kuposa ine, koma mundilole ndifunse. Kawayako kakakana kuduka, chimene chidzaduke m'malo mwake nchiyani?"

Iye anakhala chete, ndipo ndinapitiriza mwaulemu monga ndikanathera. Mkuwa umasungunuka pa madigiri 1,085. Ngakhale mtovu wamba wowotcherera mawailesi umafuna madigiri opitirira 180. Kutentha kusanafike pamenepo koyilo idzakhala itapsa kale, ndipo kumbuyo kwa dashibodi kuli mawaya okalamba, nsalu ndi pfumbi louma. Galimoto imagona pafupi ndi nkhokwe ya udzu. Ambiri a ife taonapo fyuzi yomangidwa ndi waya kapena kukutidwa ndi pepala lonyezimira la m'paketi ya ndudu, ndipo timati ndi nzeru. Ine ndimati nkofanana ndi kumanga pakamwa galu chifukwa akuuwa usiku.

Asekuru anati, "Musiyeni mwanayo amalize." Makaniko anabvomera, ndipo pa ulemu wake ndinene kuti anakhala pansi naonerera mpaka mapeto, nandigwirira tochi.

Mtovu wosungunuka msanga sugulitsidwa pa Euthini, koma sunafunike, pakuti kadontho kakale kanali pomwepo. M'mawa mwake ndinapita kwa mnyamata wokonza lamya pa msika. Ine ndinakanikiza lilime ndi nsonga ya singano, iye anakhudza kadonthoko ndi chowotcherera chake kamphindi, mtovu unafewa ndi kugwiranso. Sitinaonjezepo mtovu wina ngakhale pang'ono. Mapoyinti ndinawapala ndi kachidutswa ka sandipepa wosalala kwambiri, ndikukapititsa pakati pao mofatsa, pambuyo pake ndinapititsa pepala loyera kuti lichotse mchenga wotsala. Tupa wamkulu sayenera pamenepa, chifukwa chitsulo chabwino chiri pamwamba pokha ndipo mukachipala chonse mapoyinti sakhalitsa.

Ndisanaipatse moto ndinakankha kamkono kaja ndi chala, monga momwe maginito akanachitira. Wotchi inayamba tiki-tiki, koma inayenda mofooka ndi kuima sipuling'i isanathe. Apa panali bvuto lachiwiri, losakhudza magetsi. Mafuta a m'timabowo m'mene mumazungulira timagudumu anali atauma ngati ulimbo, atasakanizika ndi pfumbi la misewu yathu ino. Amene anayendapo pa msewu wa ku Mzimba m'chilimwe adziwa kuti pfumbi limenelo limalowa ndi m'chikwama chotseka chomwe. Adada aang'ono anabwera ndi botolo la oyilo wa injini, agogo ndi mafuta ophikira, ndipo onse awiri ndinawakanira mothokoza. Oyilo wa injini ngwolemera, kagudumu kogwedezeka sikangathe kumukoka, ndipo mafuta ophikira amauma ndi kumata. Ndinadikira masiku anai kufikira mlongo wanga atapita ku Boma, nakanditengera madontho pang'ono kwa munthu wokonza mawotchi. Ndinatsuka timabowo ndi sipiriti ndi kamtengo kosongola, ndipo mafuta ndinkaika ndi nsonga ya singano, kadontho kosaoneka ndi maso pa bowo liri lonse. Pa mano a timagudumu sayikapo mafuta, ndipo ka sipuling'i kopyapyala ka kagudumu kogwedezeka sakakhudza konse.

Tinanyamula batire kubwera nalo pa khonde. Ndinagunditsa mawaya, ndipo pomwepo inati "kha!" mwamphamvu, mwakuti mwana wa adada aang'ono anathawa. Tonse tinakhala chete kudikira wachiwiri. Mphindi ziwiri sizinatalikepo chotero. Atamveka, agogo analuluta, asekuru anangoti, "Yewo, mzukulu," natambasula dzanja kuti aikhudze.

Koma nchito inali isanathe, ndipo gawo lotsalalo ndilo linali lobvuta koposa. Kafyuzi sikasungunuka popanda chifukwa. Kukalumikiza osapeza chimene chinatenthetsa koyilo nkungodikira tsiku lina. Ambiri amaganiza kuti chinthu cha magetsi chimapsa moto ukachuluka, koma wotchi yotere imapsa moto ukachepa, ndipo ichi ndicho ndifuna anzanga muchigwire. Batire likafooka, mapoyinti amakhudzana monga mwa masiku onse, koma maginito alibe mphamvu yomenya kamkono kuti kabwerere. Tsono mapoyinti salekana. Moto umene unayenera kudutsa kamphindi umangodutsabe, koyilo nkumatentha. Nchimodzimodzi ng'ombe yanjala yomangidwa pa ngolo yodzaza: imakoka, ngolo siisuntha, ndipo imakokabe kufikira itagwa.

Nanga batire lathu linkafooka bwanji, popeza ndinalipeza ndi 12.5? Yankho ndinaliona ndi maso Loweruka madzulo. Adada aang'ono analimasula m'galimoto napita nalo kunyumba kwao, kumene linayendetsa kanema wa mpira, nyali ziwiri ndi lamya za anthu a mudzi wonse mpaka pakati pa usiku. M'mawa analibwezera m'galimoto. Ndinaliyeza mwakachetechete ndipo linaonetsa 11.3. Chomwecho chinkachitika sabata ndi sabata chiyambire pamene batire la sola la kunyumba kwao linafa, ndipo linafa m'mwezi wa May.

Anzanga, inu nonse mudziwa mwambo wathu. Mwana sauza atate ake pa gulu kuti, "Ndinu munalakwa." Ndinagona nayo nkhaniyi usiku wonse. Kukhala chete kunali kupereka wotchi ku imfa yachiwiri, kulankhula kunali kuchititsa manyazi munthu amene amandilipirira fizi. Pomaliza ndinachita chonchi. Pamene tinakhala pa mphala titadya, asekuru anandifunsa chimene chinasungunula mtovu, ndipo ndinafotokoza za ng'ombe yanjala ija, osatchula munthu, osatchula kanema. Ndinaonjeza kuti batire lodzaza ndi 12.6, ndipo ndinapereka mita kwa adada aang'ono kuti ayeze okha, ndikuwaonetsa pogunditsa. Anayeza, nawerenga mokweza, nakhala chete kanthawi. Kenaka anaseka nati, "Adada, ng'ombe yanuyi ndine ndakhala ndikuimana msipu." Asekuru anati, "Ndinkalimva likutuluka Loweruka liri lonse. Maso ndiwo anafa, makutu alipo." Nkhani ya kudula mawaya sinamvekenso.

Sindinganene kuti adada aang'ono analibe chifukwa. Pamudzi popanda magetsi batire ndi chuma, ndipo nkobvuta kuuza anthu kuti akhale mumdima pamene batire lagona m'galimoto yoima. Tsono tinapangana njira yapakati. Pa waya wofiira ndinaikapo fyuzi ina ya maampeya 2 m'kachibotolo kake, pamalo pofikika ndi dzanja pansi pa dashibodi. Batire likamatuluka fyuziyo imachotsedwa, ndipo siibwezedwa kufikira injini italira nthawi yokwanira kuti dainamo ilidyetse. Galimoto ikati ikhale masabata osayenda, imachotsedwanso. Wotchi yopanda moto konse siionongeka, imangoima. Choiononga ndi moto wa theka. Adada aang'ono alonjeza kuti akagulitsa fodya adzagula batire lina la kunyumba.

Wina angafunse chifukwa chake sitinangogula wotchi yatsopano. Nzoona kuti mawotchi a masiku ano amasunga nthawi bwino koposa. M'kati mwao muli kamwala kotchedwa quartz, kamene m'mawotchi a pamkono kamanjenjemera ka 32,768 pa sekondi, ndipo kampani ya Seiko ya ku Japan ndiyo inayamba kugulitsa wotchi ya pamkono yotere mu 1969. Koma wotchi yotero ikafa palibe chimene mungaone ndi maso kapena kukonza ndi singano, mumangoitaya. Ndiponso siimati "kha!", ndipo kwa munthu wosaona wotchi yachete ndi chimodzimodzi khoma.

Titaibwezera m'malo mwake inayamba kuthamanga, sabata yoyamba inatsogola ndi mphindi 9. Kumbuyo kwa chibvundikiro kuli kasikuluwu kokhala ndi zizindikiro za pulasi ndi mainasi. Ndinkakapotoza pang'ono kwambiri kulowera ku mainasi, ndi kudikira masiku awiri, ndikuyerekeza ndi nthawi ya nkhani za pa wailesi ya MBC, ndi kulemba m'kope. Pofika tsiku lotsegulira sukulu inkatsogola ndi mphindi 2 pa sabata, ndipo asekuru anati ndiisiye pomwepo, pakuti ndi bwino kufika ku tchalitchi belu lisanalire. Aphunzitsi a sayansi nditawabwezera mita yao anandiuza kuti kachipangizo kotchedwa diode kakaikidwa mopingasa pa koyilo, mzere wake utaloza ku pulasi, kamameza kamoto kaja ndipo mapoyinti amakhalitsa. Ndapeza kamodzi m'wailesi yakufa ya agogo, ndipo ndakakulunga m'pepala kudikira tchuthi cha Khirisimasi.

Mnyamata wa Fomu 3